Mmene Chitetezo cha m'Thupi Chimabwererera Munthu Akayamba Mankhwala a ARV

M'midzi ndi m'matauni muno m'Malaŵi muli nkhani imene imamveka kaŵirikaŵiri pa maliro. Amati munthu anadwala miyezi ingapo mpaka kuwonda, ndipo abale atapita naye kuchipatala anamupeza ndi kachilombo ka HIV pamodzi ndi chifuŵa chachikulu. Anayamba mankhwala a matenda onse aŵiri, ndipo posakhalitsa anayamba kudya bwino, kutuluka pakhonde ndi kucheza ndi alendo. Koma patangopita masabata atatu thupi linatenthanso, m'khosi munatuluka mwanabere wamkulu ngati dzira, chifuŵa chinabwerera mwamphamvu kuposa kale. Pamenepo abale anakhala upo nagwirizana kuti mankhwala a kuchipatala sakumuyanja, ena nati pali munthu amene akumuchita chipongwe. Botolo la mankhwala analibisa kudenga, wodwala anapita naye kwina, ndipo mapeto ake ndi maliro aja.

Nkhani yotere imasiya anthu akukhulupirira kuti mankhwala ndiwo anapha m'bale wawo. Chikhalirecho, nthaŵi zambiri chimene chinaoneka ngati kukula kwa matenda chinali chizindikiro chakuti chitetezo cha m'thupi, chimene chinagona kwa zaka zambiri, chayamba kudzuka. Akanabwerera naye kuchipatala tsiku lomwelo, botolo lili m'manja, mwina lero bwenzi ali kumunda. N'chifukwa chake banja lililonse liyenera kudziŵa mmene chitetezo chimabwererera, nthaŵi imene chimatenga, ndiponso zovuta zimene zimagwa panjira.

Asilikali a m'thupi

Thupi la munthu lili ndi njira zambiri zodzitchinjirizira ku tizilombo toyambitsa matenda. Khungu ndilo mpanda woyamba. Mamina, malovu ndi misozi nazonso zimakokolola tizilombo tambiri tisanaloŵe m'kati. Koma tizilombo tikadutsa mpandawo timakumana ndi maselo oyera a m'magazi, amene alangizi a zaumoyo amaŵatchula asilikali a m'thupi. Asilikali ameneŵa ali m'magulumagulu. Ena amameza tizilombo, ena amatulutsa mankhwala achibadwa otifoola, ndipo ena amapha maselo amene aloŵedwa kale ndi mdani. Pakati pa onseŵa pali gulu lotchedwa CD4, limene ntchito yake ili ngati ya kapitao. Limazindikira mdani, limaitana magulu ena ndi kuŵauza pomenya, ndiponso limakumbukira adani akale, kotero kuti mdani yemweyo akabweranso amapeza thupi lili tcheru.

Kuchipatala amaŵerenga asilikali a CD4 m'kadontho kakang'ono kwambiri ka magazi. Munthu wamkulu wathanzi amakhala ndi asilikali pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho kotero. Kuipa kwa kachilombo ka HIV, kamene akatswiri a ku Pasteur Institute mumzinda wa Paris anakatulukira mu 1983, n'kwakuti kamasankha kapitao yemweyu. Kamaloŵa m'selo la CD4 n'kulisandutsa malo oswaniranamo, ndipo selolo limafa. Kwa zaka zingapo thupi limalimbikira kuloŵetsa asilikali atsopano m'malo mwa akufawo, ndipo munthu amaoneka wathanzi, koma chaka ndi chaka chiŵerengero chimatsika. Chikafika pansi pa 200, matenda amene thupi lamphamvu likanaŵagonjetsa amapeza mpata: chifuŵa chachikulu, chibayo, zilonda zoyera za m'kamwa ndi kummero, kutsegula m'mimba kosatha, ndi matenda oumitsa khosi. Pamenepo ndi pamene amati munthu wadwala Edzi.

Chimene mankhwala amachita ndi chimene sachita

Wodwala Edzi woyamba kutsimikizidwa m'Malaŵi anapezeka mu 1985. Mu 1996 madokotala a maiko akunja anaonetsa kuti kuphatikiza mankhwala atatu kumagonjetsa kachilomboka, koma mtengo wake unali wosafikirika kwa anthu wamba. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala zake mu 2004. Mu 2011 dziko lino linakhala loyamba kulamula kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala a moyo wonse osadikira kuŵerenga CD4, ndipo mu 2016 mwaŵi umenewu unafika kwa munthu aliyense wopezeka nako. Kuyambira mu 2019 ambiri amamwa piritsi limodzi patsiku, lokhala ndi mankhwala atatu otchedwa tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir.

Komabe pali chinthu chimene ambiri sachimvetsa. Ma ARV sapanga asilikali ayi. Ntchito yawo ndi kuletsa kachilombo kuswana basi. Mlimi akapeza anankafumbwe m'nkhokwe n'kuthira mankhwala, kuonongeka kumaleka, koma chimanga chodyedwa kale sichibwerera m'maŵa mwake. Nkhokweyo idzadzazanso ndi zokolola za m'tsogolo, chaka ndi chaka. Ndi mmenenso zilili ndi thupi: mankhwala amaimitsa woononga, koma ntchito yobwezeretsa asilikali ndi ya thupi lenilenilo, ndipo imatenga nthaŵi.

Choyamba kusintha ndi kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Mwa munthu womwa mankhwala mokhulupirika kamachepa kwambiri m'masabata oyambirira, ndipo pofika miyezi 6 mwa anthu ambiri kamakhala kochepa kotero kuti makina oyezera sakaona. Sikuti katha, koma kabisala m'maselo ena ogona, kudikira tsiku limene mankhwala adzalekedwe.

Asilikali nawo amabwerera m'magawo aŵiri. M'miyezi itatu yoyamba chiŵerengero chimakwera msanga, mwina ndi 50 kapena 100, chifukwa asilikali akale amene anapanikizika m'timinofu ta m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, tomwe tikatupa timatchedwa mwanabere, amamasuka n'kubwerera m'magazi. Pambuyo pake kukwera kumakhala kwa pang'onopang'ono, kaŵirikaŵiri 50 mpaka 100 pachaka, popeza tsopano thupi liyenera kubala ndi kuphunzitsa asilikali atsopano. Iwo amabadwira m'mafuta a m'mafupa, ndipo amakaphunzirira m'kachiŵalo kotchedwa thymus, kamene kali kuseri kwa fupa la pachifuŵa. Kachiŵalo kameneka n'kakakulu mwa mwana ndipo kamafota munthu akamakula. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ana amachirira msanga kuposa achikulire.

Choncho munthu woyamba mankhwala ali ndi asilikali 400 akhoza kupyola 500 chaka chisanathe, pamene woyamba ali ndi 50 amafuna zaka zingapo, ndipo ena safika n'komwe pa 500 ngakhale amwe mosadumphitsa. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Kafukufuku wotchedwa START, wa anthu oposa 4,600 m'maiko 35, anaonetsa mu 2015 kuti kuyamba mankhwala nthaŵi yomweyo, CD4 ikadali pamwamba pa 500, kumachepetsa ngozi ya kudwala kwakukulu kapena kufa ndi kuposa theka poyerekeza ndi kudikira.

Walira mvula walira matope

Tsono n'chifukwa chiyani munthu amene wayamba kuchira amadwalanso? Pa nthaŵi imene asilikali anali atatha, tizilombo ta matenda ena tinaloŵa n'kumanga misasa m'mapapo, m'khosi, pakhungu, ngakhale mu ubongo, popanda wotiletsa. Zizindikiro zambiri zimene anthu amaziŵerengera kuti ndi matenda, monga kutentha thupi, kutupa, mafinya ndi kupweteka, zimachokera ku nkhondo imene thupi likumenya. Thupi lopanda asilikali silimenya nkhondo, motero tizilombo timachuluka mwakachetechete. Mankhwala akayamba kugwira ntchito, asilikali obwerera aja amapeza mudzi wonse uli adani okhaokha, ndipo amaukira mwaukali wopyola muyeso, mpaka kuvulaza ndi ziŵalo zomwe akuziteteza. Madokotala amalitchula vutoli IRIS.

Vutoli limadza m'njira ziŵiri. Njira yoyamba, matenda amene anali obisika amaonekera poyera: munthu amene sankatsokomola amayamba kutsokomola, kapena amatuluka mashingozi, matuza oŵaŵa otsata mbali imodzi ya thupi. Njira yachiŵiri, matenda amene akuchizidwa kale amaoneka ngati abwerera, monga mmene zinachitikira kwa wodwala wa mwanabere uja. Kaŵirikaŵiri izi zimagwa pakati pa sabata lachiŵiri ndi mwezi wachitatu, makamaka kwa amene ayamba mankhwala CD4 ili pansi pa 100. Mwa odwala chifuŵa chachikulu amene ayamba ma ARV, pafupifupi mmodzi mwa 6 aliwonse amakumana nalo vutoli, ndipo ambiri a iwo amachira bwinobwino akapitiriza mankhwala onse aŵiri.

Kuchipatala chithandizo chilipo. Chotupa chokhala ndi mafinya amachipopa ndi jekeseni, ndipo ukali wa asilikali amauziziritsa ndi mankhwala otchedwa prednisone. Kafukufuku wa ku Khayelitsha mumzinda wa Cape Town, wa odwala chifuŵa chachikulu 240 amene CD4 yawo sinapyole 100, anaonetsa mu 2018 kuti kupereka prednisone kwa masabata 4 oyamba kunachepetsa vutoli kuchoka pa anthu pafupifupi 47 mwa 100 aliwonse kufika pa 33. Koma mankhwala ameneŵa si ogula pamsika. Akamwedwa mwachisawawa amafooketsa chitetezo chomwe chikufunikacho, ndiponso amakulitsa khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi.

Ngozi yaikulu imakhala pamene nkhondoyo ili m'mutu, chifukwa chigaza sichifutukuka kuti chipereke malo kwa ubongo wotupa. Matenda oumitsa khosi ofala kwa anthu ochepa chitetezo amayamba ndi kachilombo ka mtundu wa chuku kotchedwa Cryptococcus, kamene kamapezeka m'dothi, m'mitengo yoola ndi m'zitosi za mbalame monga nkhunda. Kafukufuku wa ku Uganda ndi South Africa anaonetsa mu 2014 kuti mwa odwala matendaŵa amene anayamba ma ARV mofulumira anamwalira 45 mwa 100 aliwonse, pamene mwa odikira masabata 5 anamwalira 30. Pachifukwa ichi madokotala amayamba achiza matenda a m'mutuwo, ndipo ma ARV amadikira masabata 4 mpaka 6. Wodwala kapena m'bale wake asaganize kuti amuiŵala. Koma kwa chifuŵa chachikulu cha m'mapapo lamulo ndi lina: ma ARV amayambika masabata aŵiri asanathe, chifukwa pamenepo kuchedwa kumapha anthu ambiri kuposa IRIS.

Sikuti kudwala kulikonse kwa m'miyezi yoyamba ndi IRIS. Mwina aloŵa matenda atsopano, mwina tizilombo ta chifuŵa chachikulu n'tosamva mankhwala, mwinanso mankhwala ena sanamuyanjedi wodwalayo. Bactrim nthaŵi zina amatulutsa zidzolo ndi zilonda m'kamwa ndi m'maso, ndipo mankhwala a chifuŵa chachikulu akhoza kupweteka chiŵindi, maso n'kuchita chikasu. Wosiyanitsa zinthu zimenezi ndi dokotala woyeza magazi ndi makhololo, osati upo wa pakhomo. Wodwala apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku lolembedwa m'buku lake, akaona chimodzi mwa izi: mutu wosaleka, kuuma khosi, kusokonezeka nzeru, kukomoka, kupuma movutikira, kutentha thupi kosatsika, kusanza chilichonse, maso achikasu, zidzolo zofalikira thupi lonse, kapena kulephera kuyenda popanda womugwiriziza. Popita atenge buku lake ndi mankhwala onse amene akumwa, ngakhale azitsamba.

Chitetezo chobwereka

Popeza asilikali sabwerera tsiku limodzi, m'miyezi yoyamba wodwala amafuna chitetezo chobwereka. Choyamba ndi Bactrim, womwedwa tsiku ndi tsiku, amene amatchinjiriza ku mitundu ina ya chibayo, kutsegula m'mimba ndi malungo. Kafukufuku wa ku Lusaka m'dziko la Zambia anaonetsa mu 2004 kuti mankhwala otsika mtengoŵa anachepetsa imfa za ana okhala ndi kachilombo ndi magawo 43 pa 100. Ena amamwa ma ARV okha, Bactrim n'kumaupereka kwa anansi odwala chimfine. Kuchita zotere n'kudzichotsera wekha mpanda nthaŵi imene afisi ali pafupi.

Chachiŵiri ndi mankhwala opeŵera chifuŵa chachikulu kwa amene sanachidwale, kaya isoniazid wa tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6, kaya isoniazid ndi rifapentine womwa kamodzi pa sabata kwa masabata 12. Kwa amene CD4 yawo ili pansi pa 200, achipatala amayezanso mkodzo kufufuza chifuŵa chachikulu chobisika, ndi magazi kufufuza Cryptococcus asanafike ku ubongo. Akamupeza amapereka fluconazole. Phindu la kutchinjiriza kotere linaoneka mu kafukufuku wotchedwa REALITY, wa anthu 1,805 a ku Uganda, Zimbabwe, Kenya ndi Malaŵi amene anayamba ma ARV CD4 ili pansi pa 100. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2017, zinaonetsa kuti kuwonjezera mankhwala oteteza m'masabata 12 oyamba kunatsitsa imfa kuchoka pa anthu 12 mwa 100 aliwonse kufika pa 9 m'masabata 24.

Ntchito ya pakhomo

Mankhwala amachokera kuchipatala, koma wodwala amachirira pakhomo. Ambiri amaopa kuti wodwala aŵapatsira matenda, mpaka kumupatulira mbale ndi kapu yake. HIV siyenda pa mbale, pa kapu kapena pa chanza. Amene ali pa ngozi ndi wodwalayo, chifukwa tizilombo timene munthu wathanzi angatimeze osamva kanthu tikhoza kumugoneka iye mwezi wathunthu.

Madzi akumwa aŵiritsidwe kapena athiridwe kolorini ndi kudikira mphindi 30 asanamwedwe. Asungidwe m'chidebe chovundikira, ndipo kapu yotungira ikhale yosiyana ndi yomwera. Chimbudzi chikhale ndi chivundikiro, panja pake pakhale mpondagiya ndi sopo, ndipo aliyense wa pabanjapo asambe m'manja pochokera kuchimbudzi, asanaphike ndi asanadye. Chakudya chidyedwe chikadali chotentha, mkute utenthetsedwe mpaka kutuluka nthunzi, nyama ndi mazira zipse bwino, ndipo mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi uŵiritsidwe.

Thupi lomanga asilikali atsopano limafuna zomangira. Nsima yokha sikwanira. Pafunika zakudya za magulu onse 6: zokhutitsa monga nsima ya mgaiwa, mbatata ndi chinangwa, za nyemba monga nandolo, soya ndi mtedza, za nyama monga usipa, mazira ndi nkhuku, masamba monga bonongwe, chisoso ndi nkhwani, zipatso monga mapapaya, magwafa ndi malambe, ndiponso mafuta pang'ono. Wowonda kwambiri akapatsidwa chiponde kuchipatala, chimenecho ndi mankhwala ake, si chogaŵana ndi banja lonse. Mabotolo ogulitsidwa m'misika ndi m'mabasi, onenedwa kuti amakweza chitetezo, sabwezeretsa asilikali a CD4, ndipo ena amaononga chiŵindi ndi impso. Ndalama zake ndi bwino kugulira ndiwo.

Wodwala agone m'neti usiku uliwonse. Mazenera atsegulidwe kuti mphepo ndi dzuŵa ziloŵe, popeza tizilombo ta chifuŵa chachikulu timakhalitsa m'chipinda chotsekeka ndi chamdima. Ngati pakhomo pali wina wotsokomola, akayezetse makhololo, ndipo ana aang'ono ogona m'nyumba ya wodwala chifuŵa chachikulu akaonedwe kuchipatala. Fodya amafooketsa mapapo, kachasu amapweteka chiŵindi chimene chikulimbana kale ndi mankhwala, ndiponso woledzera amaiŵala nthaŵi yomwera piritsi lake.

Ngozi ya wochira

Wodutsa miyezi yovutayo amakumana ndi chiyeso china. Thupi likabwerera, masaya akadzaza ndipo khasu likayamba kupepuka m'manja, ena amati ndachira, n'kuleka mankhwala. Koma kachilombo kobisala kaja kamadzuka m'masabata ochepa, ndipo asilikali omangidwa kwa zaka zingapo akhoza kutha m'miyezi yoŵerengeka. Kafukufuku wotchedwa SMART, wa anthu oposa 5,000, anaimitsidwa mu 2006 zitaoneka kuti opumira mankhwala CD4 ikakwera ankadwala kwambiri kapena kufa kuposa kaŵiri poyerekeza ndi omwa mosalekeza. Womwa modumphitsa amapatsanso kachilombo mpata wozoloŵera mankhwala mpaka kuleka kuŵamva.

Chizindikiro chenicheni chakuti zinthu zikuyenda bwino si kunenepa, koma kuyezetsa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi pakatha miyezi 6 ndi nthaŵi zina zimene achipatala alemba. Kachilombo kakakhala kosaoneka m'magazi, asilikali amapitiriza kuchuluka, ndiponso munthuyo sapatsira mkazi kapena mwamuna wake. Wopita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya, kunyanja kapena ku Johannesburg auze achipatala asananyamuke kuti amukonzere mankhwala okwanira ndi kalata. Wopita kukapemphereredwa apite ndi botolo lake, chifukwa pemphero silitsutsana ndi piritsi. Ndipo amene analeka kale abwerere popanda manyazi, koma anene zoona kuti analeka liti, popeza iyenso angafunike kuyezedwa matenda obisika asanayambirenso.

Udindo wa abale

Wodwala wofooka sasankha yekha kopita. Amasankha ndi mkazi wake, mwamuna wake, malume, kapena agogo amene mawu awo amamveka pakhomo. N'chifukwa chake pa tsiku loyamba mankhwala wodwala apite ndi m'bale mmodzi womukhulupirira, kuti onse aŵiri amve malangizo, ndipo m'baleyo akafotokozere ena kunyumba kuti m'miyezi itatu yoyamba wodwala akhoza kuoneka ngati wabwerera m'mbuyo. Banja lodziŵiratu zimenezi silidzidzimuka mwanabere akatupa, ndipo silibisa botolo kudenga. Limakonza njinga kapena ndalama ya ulendo, limauza mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, n'kubwerera naye wodwala kumene anayambira mankhwala.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chitetezo chimene chinatha pang'onopang'ono kwa zaka zambiri chimabwereranso pang'onopang'ono, ndipo m'dziko muno muli anthu ambiri amene anayamba mankhwala mu 2004 ndi 2005 atanyamulidwa pamachira, koma lero akulima, akuphunzitsa ndi kulera zidzukulu. Iwo anadutsa miyezi yoyamba yovuta ija chifukwa abale awo sanaŵaleketse mankhwala, ndipo zitavuta anathamangira nawo kuchipatala.